Masiki Yachikasu pa Chitseko cha Jaguar

Panali munthu wina dzina lake Overtone, wa ku Ntcheu, amene ankayendetsa basi ya hotela ina ku Doha, m'dziko la Qatar. Corona itavuta hotela inatsekedwa, mkuluyu n'kumangogona m'chipinda ku Najma, dera lina la mumzindamo. Mwayi wake, lamulo latsopano linali litayamba loti munthu atha kusintha ntchito osapempha chilolezo kwa bwana wakale. Mayi Mwanaisha a ku Mangochi, amene ankaphika m'nyumba ya Mwarabu wina wolemera, anamupemphera ntchito kwa bwana wawo mpaka analembedwa udalaivala. Anamusokeranso masiki ya chitenje chachikasu cha maluwa obiriwira.

"Mwanangu, nyumba ino lamulo ndi limodzi," anatero mayiwo. "Zam'kati sizijambulidwa. Foni izikhala m'thumba. Ndakuyikira kumbuyo ndine, usandichititse manyazi."

"Anti, musadandaule. Ine si mwana."

Eee, si mwanadi!

Pakona ya galaja panali galimoto yofunditsidwa nsalu. Inali ya malemu bambo ake a bwana, ndipo Lachisanu lililonse bwanayo ankaipukuta yekha, osalola wina kuikhudza. Overtone atasuzumira, anapeza Jaguar yakalekale ya mipando iwiri, yofiira psuu, yowala ngati galasi. Poti anali munthu wokonda magalimoto, anangoti kakasi.

Ndiye pakamwa pake! Tsiku la off, akugula tiyi ku Najma, anayamba kudzitama kuti kwa bwana wake kuli galimoto yoti Doha yonse sinaionepo. Mkulu wina wa magalasi akuda anasendera.

"Mnzanga, ntchito yanga ndi yosaka magalimoto akale obisidwa m'magalaja. Unditumizire chithunzi ndi location basi. Ndikulemba ntchito ku showroom yanga yogulitsirako magalimoto, uziyendetsa zoterezo tsiku ndi tsiku. Kusintha ntchito pano si kophweka?"

Overtone sanafunse n'komwe dzina la showroom. Mawa lake masana, bwana ali ku mzikiti, anakokera masiki mpaka m'maso kuti asadziwike, anavundukula nsalu, chithunzi tswa, n'kutumiza.

Sabata isanathe, pageti panali ngati pamsika. Wa magalasi uja anali atayika chithunzicho pa intaneti, n'kumagulitsa location kwa aliyense wofuna. Ena ankaimba belu, ena ankakwera pamwamba pa magalimoto awo kusuzumira mumpanda, wina mpaka anabwera ndi lole yoti anyamulire. Bwana anapsa mtima koopsa. Anaitana antchito onse pabwalo.

"Anajambula galimoto ya bambo anga ndani?"

Overtone ndiye anayamba kulumbira. "Wallahi bwana, ine galimotoyo sindikuidziwa ngakhale mtundu wake."

Bwana anatulutsa foni, n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri. Galimoto inapukutidwa bwino, abale! Pa chitseko chake pankaoneka munthu atawerama, foni m'manja, kumaso masiki yachikasu ya maluwa obiriwira. Masiki yomweyo inali pakamwa pa Overtone, ikukwera ndi kutsika ndi mpweya. Mu Qatar monse inalipo imodzi yokha.

Wosamalira maluwa analephera kudzigwira, anaseka mpaka kukhala pansi. Mayi Mwanaisha okha ndi amene sanaseke. Anazindikira ulusi wawo, misozi n'kulengeza.

"Khalas, basi zatha," anatero bwana. "Bweretsa makiyi."

Overtone anathamangira kuimbira wa showroom uja. Anali atamubloka kalekale.

Akanabwerera ku Najma chimanjamanja, koma Mayi Mwanaisha anameza manyazi n'kukamupepesera kwa akazi a bwana. Bwana anavomera, koma anati m'galaja asadzapondemonso, apite ku famu yake kuchipululu. Mpaka lero Overtone akuyendetsa thanki ya madzi a ngamila, galimoto yoti ngamila zomwezo zimaipitirira panjira.

Tsiku lonyamuka Mayi Mwanaisha anamupatsa masiki ina, yakuda bii.

"Tenga iyi. Mwina siikakuulula kwa ngamila."

Phunziro: Amene wakupezera ntchito akakuuza kuti ichi usachite, mvera, chifukwa ukalakwa manyazi amayamba kugwira iyeyo. Ndipo zam'nyumba ya eni usagulitse kwa munthu amene wangokumana naye pogula tiyi. Tumizirani abale onse ali kunja, makamaka aja foni imawayabwa m'thumba.