Mitima Itatu pa Chishalo

Njinga yamoto ya Filimoni inali ndi zonse zimene lamulo limafuna: nambala, inshulansi, zisoti ziwiri ndi chiphaso chonyamula munthu mmodzi. Monga njinga zonse za masiku amenewo, chishalo chake chinkayamba chawerenga kugunda kwa mitima ya okwera injini isanalire.

Matenda a uchembere atamuyamba mkazi wake Nangozo m'mawa wa Lachiwiri, Filimoni anamukweza bwinobwino, namuveka chisoti, iye n'kukhala kutsogolo n'kudina batani loliza injini.

"Mitima itatu," inatero njinga ija. "Chiphaso chanu chimalola iwiri."

Anadinanso batani, koma yankho linali lomwelo. Kalata yopempha chilolezo chonyamula mayi woyembekezera anaitumiza kuboma chimanga chisanamasule, ndipo mpaka anakolola isanayankhidwe.

"Bambo, musakangane nayo," anatero Nangozo atagwira m'chiuno. "Tsikani, muzingondikankha."

Filimoni anatsika nayamba kukankha mumsewu wamchenga wopita kuchipatala, dzuwa likukwera, thukuta likumulowa m'maso. Atadutsa dambo, Nangozo, amene ankabuula njira yonse, analankhula motsitsa.

"Sindikumumvanso mwanayu akutakataka. Takwerani muyesenso, bambo."

Filimoni anaima n'kuyang'ana batani lija. Chipatala chinali chikadali kuseri kwa phiri, ndipo njinga ikanalira akanafika posachedwa. Koma sanakwere. Anaweramitsa mutu napitiriza kukankha, poopa kuti akakhala pachishalopo, njinga iwerenga mitima iwiri n'kulira.