Nsanamira ya Kumanzere

"Jambulaninso nsanamira ya kumanzereyo."

"Kachitatu?"

"Ndikufuna ndione mmene mumatsitsira mzere, alamu," anatero Belinda.

Lyson anatembenuza pepala. Kutsogolo kwake, mkati mwa galasi, munali chifanizo cha kachisi wakale wa Agiriki: nsanamira zoongoka, denga logumuka mbali imodzi. Kumbuyo kwake kunaima mkazi wake Chrissie ndi mnzake wa Chrissie, Belinda, amene Lyson anangomudziwa m'mawa womwewo pakhomo la myuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale, mumzinda wa Indianapolis.

Pensulo anaisiya kalekale, chifikireni kudziko lachilendoli, ku South Bend. Ku Zomba ankajambula zithunzi anthu n'kumapachika m'maofesi. Kuno ankakonza makompyuta. Ndiye sabata yatha Chrissie anatulukira ndi mapepala atsopano. "Bambo a Shalom, ndili ndi mnzanga akufuna aone mmene mumajambulira." Lyson sanafunse zambiri. Munthu wofuna kuona mmisiri ali pantchito ndiye kuti ali ndi khoma loti apachikepo zinthu. Njira yonse, Chrissie akudiraiva, iye anali kalikiliki kusankha m'mutu dzina la chionetsero chake.

Koma nsanamira inkakana. Mzere unkayamba bwino, ukafika pakati n'kuyamba kukhotakhota ngati njira ya nyerere. Anafufuta. Anasendeza kampando. Anavula jekete, kenako n'kuvalanso. Ndi dzimbiri chabe, anadziuza. Komanso ndani angajambule bwino anthu awiri akumupumira m'khosi?

Belinda sankayang'ana kachisiyo n'komwe. Anawerama pafupi, maso ali pa pensulo. Apa Lyson anatsimikiza kuti mayiyu ndi katswiri: osadziwa amayang'ana chithunzi, odziwa amayang'ana dzanja.

"Tsopano ikani pensulo pansi. Dzanja likhale pabondo."

Anamvera, akumwetulira. Zala zinapitiriza kuvinavina zokha pa thalauza, iye n'kuziphimba ndi pepala.

"Ndiye mwaziona bwanji, mlamu? Musandinyengerere. Zingapachikike?"

Belinda anayang'ana Chrissie. Chrissie anayang'ana kachisi.

"Alamu, ine za zithunzi sindizidziwa. Ndine dokotala wa ubongo ndi mitsempha. Akazi anu akuti kuchipatala mumakana, ndiye chipatala chakulondolani." Anachotsa pepala lija, n'kumugwira pamkono. "Dzanjali linayamba liti kunjenjemera?"