Wophunzira amene ankaumira ufa wa mwala

Panali munthu wina pa yunivesite ina, wophunzira digiri yachiwiri, amene sankakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chake chomwe. Mlamu wanga amagwira ntchito komweko, ndipo akulumbira kuti izi zinachitikadi.

Mkuluyu ankafufuza miyala. Mu labu yawo munali makina owomba cheza cha ekisire. Umapera mwala, n'kudzaza ufawo m'kambale kachitsulo, n'kutsekera m'makinamo. Pa kompyuta pamatuluka mizere yosongoka, ndipo chinthu chilichonse chili ndi mizere yakeyake ngati chidindo cha chala.

Koma iye ufa ankaika kongotsina, kuopa kuti wotsalira anzake angakokote n'kumubera kafukufuku.

Mayi woyang'anira makinawo anamuona. "Achimwene, ufa wachepa uwo. Dzazani kambaleko, pansi pasaoneke."

"Zikomo mayi," anayankha, mumtima akuti: tikudziwa, mukufuna muzipeza wotapa.

Posakhalitsa anaona mizere inayi yomwe sinkayenera kupezeka pa mwala wakewo. Anayezanso, inabweranso. Mtima phaa! "Ndatulukira chinthu chatsopano!"

Abale, kuyambira pamenepo aliyense anasanduka mbava. Mnzake akamupatsa moni, ati akufuna kusuzumira. Wosesa akalowa, ati watumidwa. Mphunzitsi wake akapempha kuona zotsatira, yankho linali loti, "Ndikuzikonzabe, bwana."

Mayi uja anayesanso. "Bwerani nayo mizereyo tiifanizire ndi ya m'kaundula wa zinthu zodziwika kale. Ndi ntchito ya mphindi zisanu."

"Kodi mukuifuniranji chonchi?" anafunsa atatong'ola maso. Mayiyo anangopitiriza ntchito yake.

Zaka ziwiri zinatha, tsiku loteteza kafukufuku linafika. Digiri yonse inatsamira pa mizere inayi ija, ndipo akapambana ntchito yauphunzitsi inkamudikira. Anavala suti, mkazi wake atakhala kumbuyo kwa holo. Analankhula modzithemba, ola lathunthu.

Woyesa wochokera ku yunivesite ina, bambo waimvi, anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi.

"Kambale kanu n'kachitsulo chanji?"

"Aluminiyamu, bwana."

"Munayamba mwakaika m'makina kopanda kanthu?"

"Kopanda kanthu? Ndiyezenji pamenepo?"

"Tiyeni ku labu."

Onse anatsetserekera kumeneko. Mayi uja anatsuka kambale, kukapukuta, n'kukatsekera m'makina kali mbee. Aliyense maso pa kompyuta. Mzere woyamba uwo! Wachiwiri, wachitatu, wachinayi, yonse pamalo pake penipeni.

"Mwana wanga," anatero woyesayo, "ufa wanu unkachepa, cheza chinkagunda pansi. Zaka ziwiri zonsezi mwakhala mukufufuza mbale."

Mkulu uja thukuta kamukamu, manyazi atamugwira. Digiri sanam'patse, ntchito ija anatenga wina. Chomvetsa chisoni n'choti mnyamatayo sanali mbuli, mutu unalimo ndithu.

Atatuluka pakhonde, mkazi wake anamugwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo a mwana, ndiye chinsinsi chimene munkandikhomera chitseko ine mkazi wanu, chinali mbale?"

Phunziro: Safunsa anadya phula. Ukamaona wakuba pankhope ya aliyense, umathamangitsa ndi amene akanakuonetsa pomwe walakwitsa. Ntchito yako ionedwe ndi maso a ena isanafike pagulu. Tumizirani mnzanu uja amene amaphimba kope ndi chigongono, mwina angapulumuke.