Mbalame ya pa Thanthwe

Katswiri wa mbalame anali akupukuta magalasi ake pamene wabutchala analowa mu ofesi osagogoda, n'kukhoma chitseko. Anamukankhira foni pamphuno.

"Alamu, mbalame iyi ndi yanji?"

Mkazi wa wabutchalayo, mlongo wake wa katswiriyu, anali atathawa sabata yapitayo ndi ana awiri komanso mkono wothyoka. Foni sankayankha. Koma m'mawa umenewo anaika chithunzi pa sitetasi: thanthwe, thambo lotuwa, ndi kanthu kakuda kotambasula mapiko, kosaoneka bwino ngati kojambulira m'basi yothamanga. Pansi pake analemba kuti, "Tafika bwino."

Wabutchala sukulu sanapite nayo patali, koma mutu unkagwira. Ankadziwa kuti mlamu wakeyu wakalambira ku ofesi ya zankhalango, anthu akumutumizira zithunzi zosaoneka bwino, iye n'kumatchula mbalame ndi kumene imakhala.

"Ndi mphamba chabe," anatero katswiri. "Mphamba zili paliponse."

Khofi linagwetsa magalasi aja. Wabutchala anawaponda dala.

"Mphamba ndimaidziwa ine, imandibera matumbo kuseri kwa butchala. Mchira wake ndi wamphanda. Musandiyese mwana."

"Chithunzichi sichikuoneka, alamu."

Wabutchala anamugwira pakhosi n'kumumenyetsa mutu kukabati. Mafaelo anakhuthukira pansi. Magazi a m'mphuno anadontha pamalaya oyera, koma mkuluyo anangoluma mano. Ankadziwa kuti mlongo wake akapezeka, ulendo uno sikukhala kuthyoka mkono kokha.

Kenako wabutchala anasolola chitsulo chonolera mipeni, napanikiza dzanja lamanja la mlamu wake patebulo. Anamenya kamodzi. Chala chinathyoka ngati kamtengo kouma, ndipo bambo wa imvi analira ngati mwana.

"Basi! Ndinena! Ndi chiwombankhanga chakuda. Onani zoyera pamsanapo. Chimadya mbira za m'matanthwe. M'dziko muno chimaswera malo amodzi okha, kumapiri a kumpoto, kuseri kwa mgodi wakale. Pali kamudzi kamodzi."

"Ulendo wa masiku awiri," anatero wabutchala akupukutira chitsulo chija pamalaya a mlamu wake. "Mlongo wanu wa bere limodzi mwamugulitsa ndi chala chimodzi. Manyazi mulibe."

Anamulavulira kumaso n'kutuluka. Panja galimoto ya nyama inalira, n'kuchoka mwaliwiro.

Katswiri anakhala pansi pakati pa mafaelo mpaka phokoso la injini litazilala. Anakulunga chala ndi mpango, natenga foni ndi dzanja lamanzere.

"Achemwali, wapita kumpoto. Tengani ana, kwerani basi ya kummwera pompano."

Chithunzicho katswiriyo anachijambula yekha zaka zisanu zapitazo, ndipo ndi iye anamuuza mlongo wake kuti achiike. Akanatha kuitchula mbalameyo khofi lisanagwe, koma ankamudziwa bwino wabutchalayo: sakhulupirira chilichonse chimene wachipeza popanda magazi.