Dzanja la Rashidi pa kanema

Panali bambo wina ku Mtakataka, dzina lake Rashidi, wosoka maukonde. Amene anandiuza nkhaniyi anali nawo pa maliro onse awiri.

Rashidi anali ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanja. Ziwirizo inadula ng'ona ali mnyamata. Kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mua, ukangoti "a zala zitatu" aliyense amadziwa amene ukunena.

Inali nthawi ya kampeni. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mng'ono wake Abdul akuchokera kogulitsa usipa, anyamata awiri a pa njinga yamoto anamuimitsa pamsewu. Anamuwombera pachifuwa, n'kuthawa ndi chikwama chake. Rashidi anali pansi pa mtengo wa mango chapafupi, ndipo anazindikira mmodzi mwa anyamatawo. Anali uja amene amanyamula zokuzira mawu pa lole ya munthu wina wofuna mpando wa phungu.

Abdul anaikidwa m'manda tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Mtolankhani sanaoneke ndi mmodzi yemwe. Atolankhani anadzaza pakhomo tsiku lachitatu, la sadaka, chifukwa bwana wina wofuna mpando womwewo, wa chipani china, anabwera kudzapepesa.

Mtolankhani wina anamukokera Rashidi kuseri kwa nyumba.

"Madala, tamva kuti inu munaona zonse. Lankhulani, dziko limve."

Mkazi wa Rashidi, Zainabu, anawatsatira konko.

"Bambo a Fatuma, anthu awa abwera pa galimoto, abwereranso pa galimoto. Ife titsala pompano ndi anyamata a mfutiwo. Musalankhule."

"Mayi, musaope," anatero mtolankhani. "Nkhope sitionetsa, dzina sititchula. Tijambula manja okha, akusoka ukonde."

"Manja akewa? Mwawaona bwino manjawa?"

"Iwe, khala chete," anatero Rashidi. "Wafayu ndi mng'ono wanga, si wako. Awa ndi anthu ophunzira, akudziwa ntchito yawo."

Anatenga ukonde, nakhala pansi, nafotokoza zonse. Anatchula dzina la mnyamata uja, anatchulanso lole imene amakwera.

Mawa lake nkhani inatuluka pa kanema, kenako m'mafoni. Anaonetsa bwana wopepesa uja akutsika m'galimoto, akuvula nsapato, akukhala pamphasa, akupukuta m'maso mopanda misozi. Kenako anakhala anthu atatu a mataye kumatsutsana kuti ndani akusonkhanitsa anthu ambiri pamisonkhano, ndipo ndani amavina bwino ndi amayi. Za Rashidi anangosiya mawu asanu ndi limodzi: "Ndinawaona ndi maso anga, mmodzi ndikumudziwa." Dzina la wakupha analidula. Lole analidula. Koma dzanja analionetsa bwinobwino, zala zitatu zikukoka ulusi.

Pamsika ana omwe ankaloza pafoni kuti, "Awa ndi a Rashidi!"

Zainabu anamupempha kuti akabisale kwa abale ake kumapiri. Rashidi anakana, amvekere, "Ndithawe pakhomo panga ngati wakuba ndine?"

Lachisanu, akutuluka mu mzikiti masana, njinga yamoto inaima pambali pake. Mfuti inalira kawiri. Anthu anali ambirimbiri pamenepo, koma kafunseni lero, palibe anaona kanthu. Ndipo sindiwaimba mlandu. Anaphunzira.

Zainabu anali ndi nambala ya mtolankhani uja. Anaimba mtembo usanasambitsidwe.

"Amupha. Uja munati simumuonetsa, amupha."

"Pepani kwambiri mayi. Kumaliroko kukubwera bwana wanji?"

"Palibe bwana."

"Ndiye n'zovuta. Galimoto yathu ili kumsonkhano."

Foni inaduka.

Mnyamata uja adakali pa lole mpaka lero, ndipo akamadutsa pa Mtakataka amakweza mkono kupereka moni. Anthu amayankha.

Phunziro: Mlendo amabisa zimene iye akudziwa, nkhope ndi dzina. Sadziwa kuti kumudzi munthu amadziwika ndi dzanja, ndi kayendedwe, ngakhale ndi chifuwa chimene amatsokomola. Ife osapita kusukulu amatiyesa zitsiru, koma magazi athu ndiwo amakometsa nkhani za mabwana awo. Wa kamera akakufikirani, funsani kaye amene mudzagone naye m'mudzi iye atapita, ndipo mverani mkazi wanu. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu onse. Sizibweza Rashidi, mfuti sizitha, koma mwina wina mmodzi atseka pakamwa n'kukalamba.