Chilonda cha pa Boneti

Panali munthu wina dzina lake Shadrick, dalaivala wa Mayi Mhango a ku Area 43, amene amagwira ntchito m'boma. Akuti nkhaniyi inachitikadi mu Lilongwe momwe muno.

Pakhomopo panali galimoto yakuda imene malemu amuna awo a mayiwa anasiya. Mwana wawo wamkazi, Wiza, atatsala pang'ono kukwatiwa, ananenetsa kuti kutchalitchi adzapita pa galimoto ya bambo ake, osati ina.

Lachinayi m'mawa Shadrick anaitulutsa padzuwa. Thupi lonse linali timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, chifukwa zaka zonsezi ankaipukuta ndi kansanza komwe ankatsukira matayala.

"A Shadrick," anatero madamu, "mupite nayo ku Old Town, kuseri kwa msika, kwa Mayi Efelo opolisha magalimoto. Bwana wanu ankakhulupirira iwowo. Wina aliyense asaigwire, mwamva? Ukwati ndi Loweruka."

"Ndamva, madamu."

Panjira anaima ku City Centre kuti agule chakumwa. Mwamuna wina wotchena, atanyamula chikwama, anaizungulira galimoto ija akupukusa mutu.

"Achimwene, galimoto yapamwamba chonchi mukuiyendetsa ili ndi mphere? Makina ndili nawo pompano. Musanamalize chakumwa chanucho ndikhala nditathana nayo."

"Ayi, andituma kwa Mayi Efelo."

"Efelo? Ameneyo ntchito ndinamuphunzitsa ndine! Akakusungani tsiku lonse."

Shadrick anali ndi suti ya ukwati yoti akatenge kwa telala, ndiye mawu amenewa anamukomera. Anayendetsa galimoto mpaka kuseri kwa sitolo ina komwe kunali magetsi. Munthu uja sanaitsuke n'komwe. Anatulutsa makina odulira zitsulo, atawamanga chisanza kutsogolo, n'kukanikiza pa boneti malo amodzi. Posakhalitsa kunamveka fungo la chinthu chopserera. Atachotsa makinawo, pa boneti panali chilonda chotuwa chachikulu ngati chikhatho.

"Musadandaule, ndikatenge mankhwala ena," anatero akulongeza m'chikwama. Kupita kwake kunali komweko.

Shadrick anafika ku Old Town malaya atanyowa ndi thukuta. Mayi Efelo, atavala ovololo, anasisita pa chilondapo ndi chala.

"Apa penti yapsa mpaka pansi, bambo. Makina anga amachotsa zokandika za pamwamba. Pamene penti yatha, alibe chochita."

"Mayi, ndapota nanu. Pakanipo polishi wa nsapato wakuda, madamu asaone mpaka ukwati udutse. Ndili ndi ana ine."

"Ana ndili nawonso, koma sindiwadyetsa za bodza. Imbani foni, muwauze zonse. Ine ndiima pambali panu pomwepa."

Shadrick anaimba, ndipo sanabise kanthu. Mayi Efelo anatambasula dzanja n'kulandira foniyo.

"Madamu, ndine Efelo. Kupenta boneti Loweruka lisanafike sikutheka, ndingakunamizeni. Koma kwina konseku mundisiyire. Bambowa alakwa ndithu, komabe ayankhula ndi pakamwa pawo."

Pomwepo mayi uja anapepesa eni magalimoto ena kuti adzabwere Lolemba. Anaitsuka galimoto ija mpaka fumbi lonse litatha, namata tepi m'mphepete mwa magalasi ndi mwa zogwirira. Kenako anatenga makina ake a siponji yofewa, nadonthezapo mankhwala pang'ono, n'kumayendetsa mwachifatse kachigawo kamodzikamodzi. Sankakanikiza, sankaimanso malo amodzi. Akayenda pang'ono ankagwira pentiyo ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati yatentha, n'kuunika ndi tochi. Kamzere kakatsala, ankabwereza osadandaula. Shadrick anakhala pa tayala n'kumangoonerera, osakumbukanso za suti.

Pofika Lachisanu masana timizere tonse tinali titatha. Anthu ochokera mumsika ankaima kumadziyang'ana pa chitseko. Mayi wina wogulitsa nthochi anatula lichero lake n'kukonza duku pomwepo.

Mayi Mhango atafika anaizungulira galimoto ija, misozi ili lengelenge.

"Umu ndi mmene inkaonekera bambo a Wiza ali moyo," anatero.

Kenako anaima pa boneti.

"Pamenepa muikepo maluwa a mkwatibwi," anatero Mayi Efelo. "Ukwati ukatha mubwere nayo, ndidzakuperekezani kwa wopenta wodalirika."

Madamu anawagwira dzanja ndi manja awiri. Ndiyeno anatembenukira kwa dalaivala wawo.

"A Shadrick, ntchito yanu sinathe, chifukwa mwanena zoona. Koma mawa makiyi mupatse alamu anga a Orton. Mwana wanga sindingamuike m'manja mwa munthu amene ndikamutuma uku, iye apita uko."

Shadrick anangoweramitsa mutu. Wizayo ndi Shadrick yemweyo amene ankamupititsa kusukulu kuyambira ali kamwana, ndipo anali atauza kale abale ake onse kuti mkwatibwi adzamuyendetsa ndi iye.

Loweruka galimoto yakuda ija inatsogola ikunyezimira, maluwa ali pa boneti, amayi akululutira m'mbali mwa msewu. Shadrick anali kumapeto kwenikweni kwa mzere, akuyendetsa pikapu yonyamula mipando.

Phunziro: Ukatumidwa kwa munthu wodziwika, usapatuke chifukwa cha mlendo wa pakamwa pokoma amene akulonjeza zachangu. Ndipo ukalakwitsa, funa munthu wonga Mayi Efelo, amene angakane kukubisira koma osakusiya wekha. Tumizani nkhaniyi kwa madalaivala, kwa eni magalimoto, ndi kwa aliyense amene anasungitsidwa chinthu cha mwini.