Tayi ya Injiniya

"Silinda yowotcherera saikonza, amangoitaya," anatero injiniya wa kampani yogulitsa mathirakitala, mokweza kuti galaja yonse imve. "Wina akaikonza n'kusiya kudontha, mafuta ake ndipukuta ndi tayi yangayi."

Mlimi mwini thirakitala, yomwe silinda yake yonyamulira pulawo inkadontha mafuta, anagwira njakata. Mvula inali pafupi, koma silinda yatsopano ikanafika patatha miyezi iwiri.

Mayi wowotcherera zitsulo, yemwe ankamvetsera ali pakona, anangokweza nsidze. "Achimwene, bweretsani kuno chitsulocho."

Anadula powotcherera paja, nachotsa mphira zotchinga mafuta zomwe zinatha. Potsekanso, anakulunga silindayo ndi chiguduli chonyowa kuti moto usapsereze mphira zatsopano.

"Zakutchire," anatero injiniya.

Silinda itabwezeretsedwa, mlimi analiza thirakitala, pulawo inanyamuka n'kuima m'mwamba osatsika. Amakaniko anaunjikana. Injiniya anayendetsa chala pasilindapo kawiri, kenako anamwetulira.

"Pouma chonchi ndipukuta chiyani? Nkhani yatha."

"Mafuta ake alipo, bwana," anatero mayiyo, akutambasula manja akuda bii. "Yambani ndi lamanzereli."

Amakaniko sanasunthe pakhomo. Injiniya anamasula tayi.